Chega ndi Basi

Iwe ukusekawe, sendera kuno ugwire chipsera chili pamkonochi. Ukuti ndi kambuku? Kambuku ndi mwana. Awa ndi amphaka anga awiri, a mimba imodzi, ndipo ngati ndikunama Mulungu andione.

Tsiku lomwe ndinabwera nawo, nditatulutsa woyamba m'dengu akazi anga aNabanda anati, "Chega!" kutanthauza kuti zakwana pa Chipwitikizi. Nditatulutsa wachiwiri anati, "Basi!" Mayina anakhala omwewo. Ankagona mitu pamodzi pa matumba a nyemba, khoswe osayerekeza n'komwe.

Ndiye tsiku lina Chega anabisala m'thumba n'kukwera nane mota, njinga yamoto ija, mpaka kumsika wa ku Furancungo. Anabwerako akununkha mafuta a gazolina ndi nsomba za eni, m'bale wakeyo kungomununkhiza anamuyesa mlendo, ubweya njoo! Mukumva? Anagwirana pakati pa nyumba, fumbi linatulukira pazenera mpaka anthu a ku Tsangano anayamba kuanula zovala poyesa mvula, malata anapindika ngati tsamba la nthochi, mbatatesi zomwe zinali pakona zinasendeka zokha ndi zikhadabo, ndipo ubweya womwe unkauluka unatseka mphuno za ng'ombe kukhola.

Ine kukuwa kuti aleke, "Chega! Chega!" Chega n'kumati bambo akundichemerera, n'kuwonjezera moto. ANabanda uko, "Basi! Basi!" Basi naye n'kudzuka pomwe anagwera, maso psuu. Tinachemerera nkhondo m'nyumba mwathu momwe mpaka mawu anatithera.

Apo aNabanda anandiponyera thumba lopanda kanthu pamapazi. "Bambo a Rosa, uyu si mphaka wathu, anakusinthirani kumsika. Dzuwa likamalowa akhale ali mumtsinje."

Abale, ndinachita mantha, mtima unandiwawa. Mphaka womulera ndekha ndi mkaka wa mbuzi wa pachala!

Ndinavula kazako wanga, ndikunena jekete, uja ndinabwera naye kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, wosalawapo sopo chibwerereni, n'kudziponya pakati pawo. Chega ndinamuwakha ndi dzanja limodzi ali m'malere, Basi ndinamugwira pakhosi ndi mano angawa, pamenepo n'kuti wina atandiboola mkono chikhadabo n'kutulukira kuseri, koma ndinawakulunga onse m'kazakomo n'kuwapukuta, kuwapukuta, kuti fungo lawo likhale limodzi. Dzuwa linali litakhudza kale phiri, aNabanda ataima pakhomo ndi chingwe chomangira thumba. Ndinaliuza dzuwalo kuti lidikire, ndipo linadikira. Mukumva?

Nditamasula, zii. Anayang'anana, ananunkhizana, anayetsemula limodzi, kenako onse liwiro mpaka padenga, n'kuyamba kunyambitana misozi.

ANabanda amati chinawagwirizanitsa ndi tsoka lomwe anaonera limodzi m'kazako muja. Zawo zimenezo, mankhwala anali anga. Thumba lija linapitadi kumtsinje madzulo omwewo, koma munali kazako wanga, ndipo pitani mukaone nokha: nsomba za mmenemo mpaka lero sizimenyana.