Makina Akundifunirabe Mnzanga

Amene akunena kuti ine Chikopa ndikuopa kugwira padi yoseweretsera gemu aimirire ndimuone nkhope. Ndiwe Mavuto? Kondakitala wa dzulodzuloli ukufuna kumenyana ndi ine pa gemu, pamaso pa anthu onsewa? Khala pansi ndikuuze kaye mmene makinawa amayezera munthu.

Ukangolowa amakupatsa mapointi ofanana ndi a wina aliyense, kenako amakufunira mnzako wa msinkhu wako. Ukagwetsa wokuposa amakuthira ambiri, ukagwetsa wochepa amangokuwaza ngati mchere, koma wochepayo akakugwetsa iweyo amakusesa, mapointi ako nkupita kwa iye. Mukumva?

Ine ndinayambira m'shopu ino yomwe ya ku Zingwangwa, nthawi imene ndinkameta anthu, dzanja lamanja pamutu pa kasitomala, lamanzere pa padi, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo ndinali nditamaliza a ku Bangwe ndi a ku Ndirande onse, makina nkundipatsa a ku Joni, a ku Joni nkutha, makina nkundipatsa katswiri wa ku Korea woti sanagonjepo chibadwire, ndiye chibakera chimene ndinamusasantha nacho chinadutsa m'mawaya mpaka kwawo, chipewa chake nkuuluka kudzatera pamwamba pa phiri la Soche, pomwe amayi okapemphera anachitola. Pakati pa ndewu magetsi anazima, koma zala zanga zinali zitatentha moti TV inkayakabe pamodzi ndi mafiriji a msika wonse, ogulitsa mafirizesi nkumabwera kudzandikupiza ndi zitenje kuti ndisaleke. Kasitomala uja anatuluka ndi sitayilo imene mukumetetsa lero nonsenu.

Mapointiwo anachuluka mpaka nambala inakana kukwana pa TV, tinabwereka ina kwa aneba nkuiika pambali, nayonso inadzaza, otsalawo nkuyamba kutayikira pansi, kuyenda ndi ngalande mpaka mumtsinje wa Mudi, ndipo ndikulumbira pali mayi anga, ana amene anasamba m'madzimo anakhoza mayeso onse chaka chimenecho.

Tsoka linayambira pamenepo. Ndinadina kuti ndimenyenso, kabwalo kosonyeza kuti makina akusaka nkuyamba kuzungulira pa TV, kufunafuna wa msinkhu wanga. Kanafuna ku Ulaya, kanafuna pa mwezi, kanakafunsa ndi kumanda komwe, osamupeza. Potsiriza makina anandipatsa ine ndemwe, tinamenyana mpaka chimanga kucha, osagonjetsana. Zinandikhudza, abale. Kukhala pamwamba wekha kumasungulutsa.

Ndiye taganiza, Mavuto. Ndikakugwetsa iwe, makina andipatsa chiyani? Ngakhale theka la pointi sakwanitsa kulidula. Koma chala chikangoterereka, kapena ntchentche ikandilowa m'diso, zonse zimene ndinakhetsera thukuta zipita kwa munthu woitanira minibasi, ndipo mawa mu Zingwangwa muno palibe adzandipatsenso mpando. Dzina langa ndi limenelo basi, lina ndilibe.

Mukuseka chiyani? Mukuti ndikuonetseni nambalayo? Siingatseguke panopa, makina akadali kalikiliki kundifunira mnzanga, ndipo mukawasokoneza ayambiranso poyamba.

Chotsa padi yakoyo pamiyendo pangapa, iwe. Sindikunjenjemera ayi, ndi mphamvu zikufuna potulukira. Ukafika pa msinkhu wanga makina adzatiitana okha. Koma usanapite, tandikumbutse pang'onopang'ono anthuwa asamve: lomenyera chibakera ndi batani liti?