Mayi Anakana Kuchoka pa Pulazima

Nkhani iyi anthu a pa Lizulu akuikamba mokhotakhota, ena mpaka kuikamo mizimu, ndiye bola ndiilembe ndekha mwini wake momwe inayendera. Ndinene kaye kuti sinathe bwino, ndipo wolakwa ndi mmodzi yekha, yemwe akulemba panoyu.

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 7. Sikuti ndinalephera ayi, ndinamenya munthu (sindimutchula, panopa ndi mkulu wa mpingo). Chichokereni kusukuluko ntchito yanga inali yosenza matumba a mbatatesi kukweza m'malole, ndipo kumenekonso sabata sinkatha ndisanagwire wina pakhosi. Mtima wanga ndi wapachala, ndikuvomera.

Mayi anga, aNangozo, atamwalira panapita chaka ndi miyezi tisanamange chiliza. Achimwene, amene amagwira ntchito ku Joni, ndi omwe anabwera kudzayendetsa mwambowo. Pa katundu yemwe anabwera naye panali chikatoni chachitali ngati chitseko, choti anthu anayi ndi amene anachitsitsa. M'katimo munali tivi yopyapyala, mainchesi sikisite, yoti pa Lizulu ponse panalibe anaionapo.

"Iyi ndi yako," anatero achimwene. "Ndatopa nazo zomangomva kuti wamenyana pa matumba. Mwambo ukatha upeze nyumba, uzionetsa mpira, ukhale munthu. Ukaiwononga usadzandiimbirenso foni."

Kwathu kuno tivi iliyonse yopyapyala timangoti pulazima, koma achimwene anandiuza kuti zilipo mitundu iwiri ndipo ku Joni anthu amakangana nazo ngati matimu a mpira. Ilipo elosidi, yopepuka, yosadya magetsi, koma ukakhala chakumbali zithunzi zimatuwa. Ndiye pali pulazima yeniyeni, yolemera, yotentha ngati mbaula, koma chakuda chimakhala chakudadi, mpira ukamenyedwa susiya mchira, ndipo wokhala pakona amaona bwino chimodzimodzi ndi wokhala pakati. Yanga inali imeneyo. Ndinaloweza mawu onsewo ngati vesi, n'kuyamba kudziona katswiri.

Nzeru yoikapo chithunzi cha mayi inali yanga. Tinali ndi chithunzi chawo chabwino chimodzi chokha, chaching'ono, atavala duku loyera ndi bulauzi yoyera ya kutchalitchi. Ndinapita nacho ku Boma, anyamata a makompyuta anandiikira mu fulashi, ndipo Lachisanu m'mawa, abale akuyamba kufika, ndinaimika tivi ija patebulo pansi pa tenti n'kuyatsa. Poti kunja kunali dzuwa, ndinakweza kuwala kwake mpaka pomwe rimoti inakanira.

Abale anga, mayi anaoneka ngati abwera. Azakhali, achemwali awo a bambo, atangotsika pa kabaza anagwada pomwepo n'kuyamba kulira, "Alamu! Alamu anga ine!" Bambo, amene anataya unyamata wawo kumigodi n'kubwerako ndi chifuwa chosatha, sayankhulayankhula. Anangokoka mpando, n'kukhala kutsogolo kwa tiviyo, chipewa chili pabondo. Ine mumtima ndinati lero ndachita chinthu cholongosoka.

Chakumasana kunabwera Che Saidi. Awa ndi bambo wachikulire, ali ndi shopu kumsika yokonza mawailesi ndi mafoni, ndipo amagulitsanso timativi ting'onoting'ono ta elosidi. Anabwera ndi shuga kudzathandiza pamwambo, poti mayi ankagulitsa kabichi pafupi ndi shopu yawo zaka zambiri. Atapereka moni, anaima pambali pa tivi ija n'kuika dzanja pamwamba pake.

"Mphwanga, chithunzichi chakhala pamenepa kuyambira liti?"

"M'mawa."

"Usachisiye chomwechi. Pulazima yatsopano, waiwalitsanso mpaka kumapeto, ikakhalitsa ndi chithunzi chimodzi chimapsererapo. Ikanakhala elosidi sindikanayankhula. Uzizimitsako, kapena uzisinthako zithunzi."

Akanalekera pomwepo mwina ndikanamva. Koma anawonjezera, asuweni anga onse ali chilili pomwepo: "Kabuku kake ulinako? Tabweretsa ndikuwerengere."

Iwo ankatanthauza kuti kabukuko kali m'Chingerezi cha timalemba ting'onoting'ono. Ine m'makutu mwanga munalowa zoti ndine mbuli ya Sitandade 7. Msuweni wina anaseka pang'ono (kapena anangotsokomola, sindikudziwa), ndipo magazi anakwera.

"Mundiwerengere? Ine maso ndilibe?"

"Ayi, mphwanga, sinditero."

"Tikudziwa! Zakupwetekani chifukwa timagalasi tanu ta elosidi palibe atigulenso. Nsanje pa chiliza, Che Saidi? Mayi anga sazimitsidwa ndi munthu pano. Akhala pompa mpaka mlendo womaliza achoke!"

Azakhali, omwe sanamve n'komwe chiyambi chake, anakweza mutu n'kuti, "Wanena zoona mwanayu. Anazima kale kamodzi, azimenso kawiri?" Amayi ena anavomereza. Che Saidi anangogwira pamtima, n'kupepesa kwa bambo, n'kumapita. Ine ndinatsala ndi lumbiro lomwe ndalumbira pagulu, ndipo kulibweza sindikanatha.

Achimwene atamva phokoso anandifunsa kuti kwagwanji. Ndinati nsanje basi. Anakanda m'mutu n'kubwerera kwa amisiri a simenti (nawonso kabuku kaja anali asanakatsegule, izi ndinazidziwa pambuyo pake).

Ndiye tivi inayaka. Lachisanu lonse, Loweruka lonse, mpaka Lamulungu madzulo, osapuma. Anthu akagona inkatsala pansi pa tenti pomwepo ikuyakabe. Loweruka magetsi atathima ndinathamanga ngati wamisala kukalizitsa jenereta yobwereka, ndipo mayi anabwerera pagalasi anthu asanamalize kudandaula. Ukayandikira kumbuyo kwake unkamva kutentha kumaso. Ine ndinkati imeneyo ndiye mphamvu yake.

Mwambo wokha unayenda bwino, izi ndisabise. Abusa anapemphera, nsalu inavundukulidwa, tinawerenga dzina la mayi pamwala, ndipo madoda anavina ngoma pang'ono ndi zishango zawo, fumbi lili koboo. Bambo sanalire pagulu. Mlendo womaliza atakwera minibasi ndinazimitsa tivi ija monyadira, n'kuibwezera m'katoni. Lachiwiri achimwene ananyamuka kubwerera ku Joni.

Ndinapeza nyumba kuseri kwa msika, yomwe kale inali golosale. Ndinakhoma mabenchi, ndinamangirira dishi padenga, ndipo Loweruka lina masana ndinatsegula. Munadzaza. Ena anachokera tsidya la Mozambiki kudzaona pulazima ya mainchesi sikisite, ndipo nyumba ina yoonetsa mpira, ya kaelosidi kakang'ono, tsiku limenelo munalibe ngakhale ntchentche. Ndinaima pakhomo chifuwa chili patsogolo.

Mpira utayamba, bwalo lobiriwira litadzaza galasi lonse, ndinaona kanthu ngati mthunzi chapakatikati. Ndinati ndi fumbi. Ndinapita n'kupukuta ndi malaya, koma sikanachoke.

"Aise," anatero wina kumbuyo, "pakati pa bwalo pali mayi wovala duku."

Anthu anaseka. Kenako kuseka kuja kunayamba kuzima benchi ndi benchi, chifukwa kamera itaonetsa bwalo patali, zonse zinaonekera: duku (loyera lija linatuluka lodera), maso, mphuno, ndi pakamwa paja potseka ngati akufuna kudzudzula munthu. Osewera ankathamanga kudutsa pamasaya pawo, iwo ali phee.

"Si aNangozo amenewo?"

M'nyumbamo munalibe munthu wosawadziwa mayi. Theka la anthuwo anadyapo kabichi wawo, theka linalo anakalipiridwapo nawo. Ndinaona mdala wina akuvula chipewa, ena n'kutsatira. Mnyamata wa malole yemwe anali ndi kabotolo m'manja anakabisa kumbuyo. Chigoli chitalowa, m'malo mwa chiphokoso chija chogwetsa mabenchi, anthu anawomba m'manja pang'onopang'ono ngati kwaya yamaliza nyimbo.

Panali mkulu wina wogulitsa nyama, wodziwika msika wonse ndi pakamwa pake. Refu ataimba molakwika anadzuka n'kuyamba, "Iwe refu iwe, pa..." Anayang'ana pagalasi, n'kumeza mawuwo. "Pepani mayi," anatero, n'kukhala pansi.

Pa hafu theka la anthu linatuluka osabwereranso. Wogulitsa nyama uja potuluka anandigwira paphewa. "Mphwanga, tivi ndi yabwino, koma mpira wosatukwana si mpira. Pamaso pa malemu sitingathe."

Loweruka lotsatira munabwera anthu atatu. Mbiri inali itawanda kale kuti mzimu wa aNangozo wakwiya, wina amati chiliza chinapendekeka, wina amati ndinakhwimira bizinesi. Wa zokhwimayo ndinamugwira pakhosi pa sikelo ya mbatatesi, ndipo izi sizinathandize mbiri yanga. Ndinayesa madzi a sopo. Ndinayesa sipiriti. Ndinaizimitsa masiku awiri kuti mwina iiwale. Poyatsa, mayi anali pomwepo.

Ulendo wopita kwa Che Saidi unali waufupi koma unanditengera m'mawa wonse. Ndinadutsa pakhomo pa shopu katatu ndisanalowe. Iwo ankawotcherera kawaya mu wailesi, ndipo sanadzutse mutu.

"Ndamva," anatero. "Khala pansi."

"Che Saidi, tsiku lija ine..."

"Unali ndi chisoni. Zisiye." (Akanandikalipira zikanandipepukira.) "Sindikulonjeza, koma yesa izi. Chotsa waya wa dishi, uike pamalo popanda siteshoni, paja pamangothothoka timadontho ngati chimvula. Uisiye chomwecho masiku angapo. Nthawi zina chithunzi chimafufutika mpaka osachionanso bwinobwino."

Mwini nyumba ija anakana kuti tivi iziyaka masiku osapuma pa mita yake, ndiye ndinaitengera kunyumba pa ngolo, choimika, n'kuiika pabalaza pa bambo. Ndinayatsa chimvula chija. M'kati mwa timadonthomo nkhope ya mayi inkaonekabe, ngati munthu woima panja mvula ikugwa.

Bambo anabwera kuchokera kudimba dzuwa litapendeka. Anaima pakhomo khasu lili paphewa, kenako analitsamiritsa pakhoma n'kukhala pansi.

"Ukutani?"

Ndinafotokoza zonse, mpaka za Che Saidi.

"Ndiye kuti masiku amenewo akatha, mayi ako achoka?"

"Eya ababa. Ndiye anthu abwereranso, bizinesi iyambe."

Anatsokomola nthawi yaitali. "Zimitsa chimvulacho."

"Ababa, chithunzi chilipo mu fulashi. Ndikhoza kukachapitsa chachikulu, mupachike pakhoma."

"Chimenecho woika ndiwe. Apa akhala okha." Sanakweze mawu. "Zaka zonse ndili kumigodi mayi ako anandidikira pakhomo pano, osasuntha. Lero akana kuchoka, iwe uwathamangitse ndi mvula?"

Magazi anakweranso, sindinama. Ndinafuna kukuwa kuti ndi galasi chabe lopserera, kuti Che Saidi anafotokoza, kuti ine ndidya chiyani. Ndinatulutsa lomaliza lokhalo, "Nanga ine ndidya chiyani?" ndipo linatuluka lofooka. Bambo sanandiyang'ane n'komwe. Maso awo anali pagalasi, ndipo munali misozi imene pa chiliza sinagwe. Ndinatola rimoti n'kuchotsa chimvula.

M'mawa mwake ndinawaimbira achimwene, ngakhale anati ndisadzaimbe. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula.

"Ababa atero?"

"Atero."

"Ndiye basi, ikhale. Koma ina ndilibe, wamva?"

Mabenchi ndinawapereka kutchalitchi. Dishi ndinaimangirira padenga la bambo. Munthu amene moyo wake wonse ankati mpira ndi masewera a alesi, panopa Loweruka lililonse masana amasamba, kuvala jekete, n'kukhala pabalaza. Sadziwa timu iliyonse, ndipo chigoli chikalowa sachiona. Amangoti pa udzu wobiriwirapo ndi pamene amaoneka bwino. Rimoti imawavuta, ndiye amandituma, "Iwe, tawayatsa mayi ako." Ine, poti ndinabwerera kosenza mbatatesi, ndimatula thumba, kusamba m'manja, n'kukayatsa.

Phunziro lake mukulidziwa kale, munthu wamkulu akakuuza kanthu pa ntchito yake umve. Ndalimva, ndipo Che Saidi ndimawapatsa moni ndi manja awiri. Komabe ndimati ndikamasenza thumba n'kuganiza, ndimaona kuti nawonso akanandiitanira kuseri kwa tenti n'kundiuza mwakachetechete, ndikanazimitsa tsiku lomwelo. Ndinawauza bambo zimenezi tsiku lina. Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, n'kuloza pagalasi.

"Tawauza awa, tione ngati akhulupirire."