Ine Mwini Grupu

Lolemba

Ndine mwini grupu, ine amene! Zita, mwana wa achimwene anga a Bernado, wanditumizira telefoni kuchokera ku Tete. Grupu la banja lili kale m'katimo, dzina langa pamwamba. Onse alimo: achimwenewo ndi a ku Zambia ena amene sanabwerere nkhondo itatha, a ku Fingoe, ngakhale Tomasi wa malemu achemwali, wokumba golide uja. Cholinga changa chimodzi: Natale ino, Khirisimasi yathu, onse adzadyere pano pa Chipera. Nyumba ino yakhala zii mokwana. Redi ya telefoni imagwira pa chulu cha kuseri kwa khola basi. Ndikungokwera ndi kutsika ngati mtsikana!

Lachiwiri

Mauthenga mbwee! Ambiri m'Chipwitikizi, tizilembo ngati nyerere. Ine sukulu ndinangoinunkhiza ku kampu ya othawa nkhondo. Koma Zita wandiphunzitsa kamtima kofiira koika pansi pa uthenga. Mlendo akalowa pakhomo sumangomuyang'ana, umamulonjera. Ndiye aliyense wolemba, kamtima! Wolemba zazitali, kamtima msangamsanga, wavutika.

Zofunika: mphasa zina, kuzira khonde, kubwereka mabenchi a ku tchalitchi.

Lachitatu

Mvula. Sola sikugwira, telefoni yafa. Ndikuzira khonde, ndikuuza nkhuku mayina a alendo. Kaya akucheza zokoma zotani abale anga m'menemo!

Lachinayi

Mayo ine! Ndangoyatsa, achimwene akuimba. "Mlongo, Tomasi walemba kuti ndinagulitsa ng'ombe za amayi n'kuthawira ku Zambia. Iwe n'kuikapo mtima?" Uthenga wautali wa Lachiwiri uja! Wagona m'menemo dzana ndi dzulo, kamtima kanga kali pansi pake ngati siginecha ya ku boma. Ndikuti sindinawerenge. Iwo: "Bwalo ndi lako. Galu akaluma munthu pakhomo pako, mlandu ngwa yani?"

Koma Tomasi ndi galu wanga? Chala nchake, bodza nlake, kapena si bodza, ine ndinali mwana. Komanso bwalolo ndinamanga ine? Eni ake enieni, opanga zolemberana za m'telefonizi, ali kutsidya kwa nyanja. Andipatsa mpando, tsache sanandipatse.

Lachisanu

Zita akuti, "Azakhali, dinani polembedwa denunsiyari, ndiko kudandaula, eni ake aone." Ndadina. Ndikudikira pa chulu, nyerere zikundimaliza miyendo. Zii. Kodi kumeneko kuli munthu? Ku tchalitchi wina akatukwana pa msonkhano, akulu a mpingo amaimirira. Awa angotolera anthu n'kupita kukagona.

Uku alamu anga, akazi a Bernado, aika mawu akulira: ng'ombezo zinafa ndi matenda. Tomasi wayankha ndi chithunzi cha ng'ombe yovala magalasi, ili m'basi. Ndaseka, Mulungu andikhululukire. Kamtima sindinaike. Chala ndachikhalira.

Loweruka

Poti eni ake sabwera, ndiweruza ndekha. Tomasi atuluke. Dzuwa likuwala pa galasi, mayina ali mothithikana, zala zanga nza khasu.

Ndachotsa achimwene.

Tomasi pompo: "Mwaona? Amayi aang'ono agamula!" A ku Zambia atuluka onse, mmodzimmodzi ngati mbuzi pa mpata wa khola. A ku Fingoe nawonso, ati safuna milandu. Tomasi wasowa woti amutukwane, watuluka. Zita wati, "Ndikuimbirani, azakhali, bambo atsike kaye mtima." Naye watuluka. Khonde lauma bwino, losalala, lopanda phazi la munthu.

Lamulungu

A ku tchalitchi ndawauza kuti asavutike kunyamula mabenchi. Achimwene sakuyankha foni. Mu grupu tatsala awiri: ine ndi nambala ina yosadziwika, kaya anailowetsa ndani. Amangoika zithunzi za matayala a mota, ogulitsa. Satukwana munthu, sakumba za ng'ombe. Ndamutumizira mawu: "Bambo a matayala, Natale ino muli ndi kopita?"

Telefoni ikuonetsa kuti amva. Sanayankhe, koma sanatulukenso.