Unyolo wa Boma pa Bedi Langa la Ukwati

Luangwa,
Kitwe.

Kwa Bwana Wamkulu Woyang'anira Zipewa, Malamba, Maunyolo ndi Mfuti za Apolisi.

Bwana,

Ndayamba ndi kugwada, ngakhale simukundiona. Dzina langa ndine Nelia Chimwaza, mwana wa mpingo, ndipo sukulu ndinalekezera Giredi 7. Sindinalembepo kalata kwa munthu wamkulu ngati inu. Inoyi ndinayamba ndailemba ndi pensulo, kenaka ndabwereza ndi bolopeni, kuti musapezeke liwu lopanda ulemu. Likapezeka, dziwani kuti lalowa lokha. Amene amandidziwa angakuuzeni kuti sindiyankhula pagulu. Ngakhale kukwaya ndimaima kuseri kwa mzati. Koma Loweruka likudzali ndi tsiku la ukwati wanga, ndipo amene akudzandikwatira, a Lighton, ali omangidwa ku bedi ndi unyolo wanu. Ndiye ndati ndithokoze.

Ndifotokoze kaye mmene zinayambira. A Lighton amawotcherera zitsulo ku Heavy Industrial Area ku Ndola. Abwana awo anawapatsa zitsulo zotsala, ndipo anzawo akapita kukadya masana, iwo ankatsala n'kumapanga bedi lathu. Mbali ya kumutu anaikongoletsa kwambiri. Anaikapo mitima iwiri, nkhunda ziwiri zoyang'anizana, ndi maina athu pakati, zonse zachitsulo. Sabata yatha anakwera nacho minibasi chitsulo cha kumutucho, natsika pasiteji, nachisenza kuti akachisiye kunyumba imene tidzakhalemo. Sanakafike.

Choyamba, ndikuthokoza chifukwa cha maso akuthwa a anyamata anu. Kuno kwathu tili ndi kaofesi kakang'ono ka apolisi, kamene sindikatchula dzina kuopa kukachititsa manyazi. A Konsitabulo Spencer a pamenepo ataona munthu atasenza chitsulo, anadziwiratu kuti ndi mmodzi wa aja amaba zitsulo za kumgodi. A Lighton anayesa kufotokoza m'Chibemba, nabwereza m'Chinyanja, nawaonetsa dzina lawo lowotcherera pachitsulopo. A Spencer anayankha kuti akuba a masiku ano achenjera. Popeza anali okha, ndipo munthu mmodzi sangagwire wakuba ndi katundu nthawi imodzi, anakoweka unyolo kudzanja lamanja la a Lighton, mbali inayo nakoweka pansi pa nkhunda. Anati akatero, wakuba ndi umboni onse sathawa. Ndikuvomereza, Bwana, kuti mpaka lero palibe amene wathawa.

Abwana a a Lighton anabwera tsiku lomwelo kuchokera ku Ndola kudzachitira umboni, ndipo mkulu wa kaofesiko, a Sajeni Horace, anavomera kuti mlandu palibe. Anapepesa mwaulemu kwambiri. Atafunsa kiyi wa unyolowo, sanapezeke.

Chachiwiri, ndikuthokoza chifukwa cha thalauza. Ndamva kuti lamulo lanu limati wapolisi asaonekere kwa anthu osavala yunifomu yathunthu, yaukhondo ndi yosita bwino. Ndi lamulo lokoma. Kungoti pakaofesi kathu thalauza loti n'kuonekera nalo pagulu linalipo limodzi. Wopita kunja ndiye ankalivala, otsalawo n'kukhala kuseri kwa kauntala, kumene boma limaoneka kuyambira m'chiuno kupita kumwamba. Tsiku limenelo a Spencer atangofika ndi a Lighton, anapeza mnzawo akulidikira thalauzalo, chifukwa anaitanidwa kukaguba ku Ndola. Analivula mofulumira, mnzawoyo nalivala, nakwera galimoto. Kiyi anali m'thumba. Kumeneko mnzawoyo analibwereketsanso kwa wina amene lake linang'ambika pogubapo, ndipo winayo sadziwika dzina. Panopa thalauza lathu likutumikira dziko kwinakwake, ndipo tikulinyadira.

Mwina mufunsa kuti bwanji osabwereka kiyi kwina. Tinayesa. Unyolowo ndi wakale, wa nthawi ija agogo anga anali kalaliki pamgodi, moti makiyi a masiku ano suwalabadira. Mwina mufunsanso kuti munthu wodula zitsulo tsiku ndi tsiku akulephera bwanji kudzimasula. A Lighton akuti ndi makina a kuntchito kwawo, unyolowo ungaduke munthu asanamalize Pemphero la Ambuye. Koma a Sajeni anatichenjeza kuti unyolo ndi katundu wa boma, ndipo wouwononga amamangidwa. Tinati basi tidule bedilo, ndi lathu. Anati ayi, bedilo ndi umboni, ndipo umboni sukhudzidwa mpaka nkhani itatsekedwa. Tinafunsa kuti nkhani itsekedwa liti, poti mlandu palibe. Anati unyolo ukabwerera m'kabati. Ine wa Giredi 7 ndinazungulira nawo mawu amenewa usana wonse, ndipo ndinapezeka pomwe ndinayambira. Ndikhulupirira kuti ophunzira amatulukira kwina.

Chachitatu, ndipo apa ndiye ndathokoza kwambiri, ndi lamulo la kagwiritsidwe ntchito ka mphamvu. A Sajeni anatiuza kuti wapolisi sangoyamba ndi kumenya. Amayamba ndi mawu, kenaka manja, kenaka chibonga, mfuti pamapeto. Ataona kuti ndikulira, anandimvera chisoni nati atsata ndondomeko yonseyo pa unyolowo. Anabwereka chipewa ndi lamba kwa a Spencer kuti akhale athunthu, natiuza kuti tikweze chitsulocho pakauntala. Anauchenjeza unyolo katatu, m'Chingerezi, m'Chibemba ndi m'Chinyanja, kuti utseguke mwamtendere. Unakana. Anabweretsa sopo ndi mafuta ophikira, nakoka iwo uku, a Spencer uko, mpaka dzanja la a Lighton linatupa ngati chitumbuwa. Kenaka anatenga chibonga. Anaphonya unyolo namenya nkhunda imodzi pakhosi, moti tsopano inatembenuka, ikuyang'ana kumbali ngati yakwiya ndi mnzake. Azakhali anga a Lois akuti si chizindikiro chabwino pa banja latsopano.

Kenaka inafika nthawi ya mfuti. Mfuti inalipo, yopukutidwa bwino. Koma zipolopolo zake zimakhala m'kabati yokhoma, monga mwa lamulo lanu, ndipo kiyi wa kabatiyo ali pa kawaya kamodzi ndi kiyi wa unyolo. Bwana, pamenepo pokha ndinayamika Mulungu kuti thalauza lili paulendo. A Sajeni anawonjezera kuti ngakhale zipolopolo zikanakhalapo, mfuti imagwira ntchito pa munthu wothawa, ndipo anafunsa a Lighton ngati angayeseko kuthamanga pang'ono. A Lighton anapepesa kuti sangathe.

Anawalola kupita kwawo ndi chitsulo chawo. Koma lamulo lina limati chida cha boma chisachoke pamaso pa wapolisi, choncho a Spencer amawatsata kulikonse. Poti thalauza palibe, amavala jasi lamvula lalitali lofika m'miyendo, m'dzuwa la Okutobala lino. Amadya kwa a Lighton, amagona pakhomo pa a Lighton, ndipo akuti ndiwo zimachepa mchere. Anthu a mu Luangwa anazolowera. Akaona chitsulo cha mitima chikubwera mumsewu, pambuyo pake jasi likutuluka thukuta, amangopatuka.

Tsopano ndifike pa chimene chandilembetsa kalatayi. Sindidziwa kuti kwanu n'kuti, Bwana, koma kwathu mpongozi saona bedi la mwana wake. Salowa kuchipinda, salikhudza, ngakhale kulitchula salitchula. A Lighton, poti ndi munthu waulemu, anabwera kunyumba kuti adzafotokoze okha zimene zawagwera. Anagwada chapatali monga ayenera mkamwini, chitsulo chili chiimire pambali pawo. Amayi anga, amene ndi mtsogoleri wa amayi a Chigwirizano kumpingo kwathu ndipo sindinawaonepo akuthamanga chibadwire, anadzifunda chitenje kumaso nadutsa pa mpanda wa aneba osaona pomwe pali khomo. Azakhali a Lois anawatsatira n'kuwauza kuti si bedi ayi, ndi geti. Amayi anafunsa kuti ndi geti la ndani limene limakhala ndi nkhunda ndi dzina la mwana wawo. Tinayesa kuchiphimba ndi nsalu yoyera. Zinaipiraipira, chifukwa chinaoneka ngati bedi loyala kale.

Amalume anga abwera kuchokera ku Dedza kudzandipereka. A Lighton anawapatsa moni ndi dzanja lamanzere, poti lamanja lili pantchito ya boma, ndipo amalume sanayankhulebe. Telala akuti suti ya a Lighton aimasula mkono n'kuwasokera ali chivalire. Zimenezo tingapirire. Koma amayi anenetsa kuti chinthu chija chikalowa m'tchalitchi, iwo salowa. Makolo a a Lighton nawonso atero. Abusa akuti sangadalitse ukwati makolo onse ali panja atafulatira, ndiponso sakudziwa ngati m'buku lawo muli pemphero la anthu awiri, bedi ndi wapolisi. Akuluakulu agwirizana kuti dzanja likapanda kumasulidwa pofika Loweruka, ukwati uimitsidwa, amalume abwerera kwawo, ndipo ena ayamba kale kunong'ona kuti mwina Mulungu akundionetsa kanthu.

Chachinayi, ndikuthokoza kuti mwandiphunzitsa kuyenda. Ine ndinali ndisanapiteko ndekha ku Ndola, koma Lachiwiri ndinapita kukafuna thalauza. A Spencer anandiuza chizindikiro chake: kumbuyo, mbali ya kumanzere, linapsa ndi simbi. Bwana, ganizirani mtsikana amene sayang'ana munthu wamwamuna kumaso, akuyenda tauni yonse pambuyo pa apolisi n'kumawayang'ana kumene ndatchulako. Ndinkayerekeza kumanga nsapato, pamene nsapato zanga zilibe zingwe. Ndinapeza mathalauza ambiri opsa, ena kumanzere, ena kumanja, lina mbali zonse ziwiri, moti ndinayamba kuganiza kuti mwina ndi mbali ya yunifomu. Mmodzi ndinamutsata mtunda wautali ndithu. Pamene ndinalimba mtima n'kunena kuti mukwai, monga timaitanira munthu mwaulemu m'Chibemba, anatembenuka, ndipo anali mlonda wa sitolo. Tsoka lake, mayi wina wa Chigwirizano anandiona. Pofika kunyumba ndinapeza alangizi atandikhalira pamphasa, ndipo zimene anandifunsa sindingazilembe ndi bolopeni.

Sindikudandaula, Bwana. Ndani ine kuti ndidandaule? Malamulo anu onse asungidwa. Palibe amene waonekera pagulu wosavala bwino, chifukwa kupatula jasi la a Spencer, palibe amene akutuluka. Chipolopolo ngakhale chimodzi sichinasowe. Unyolo uli bwinobwino, ndipo a Lighton amaupaka mafuta m'mawa uliwonse kuopa kuti ungachite dzimbiri n'kukhala mlandu wina. Chiyambire kuba zitsulo m'dera lino, chitsulo chotetezedwa kwambiri ndi bedi langa. Akuba enieni nawonso, ndikumva, akukuthokozani, popeza sabata yonse ino agwira ntchito mosasokonezedwa.

Pempho langa ndi laling'ono. Ngati n'kotheka, lamulani kuti mawa m'mawa wapolisi aliyense wa ku Kitwe ndi ku Ndola aime chilili, apise dzanja m'thumba la thalauza limene wavala. Ndikudziwa kuti kwa ena chikhala chachilendo kupisa m'thumba lawo lomwe, koma ndi kamodzi kokha. Amene apeze kawaya ka makiyi awiri abwere nako ku Luangwa. Tidzamusungira nkhuku yathunthu ndi malo kutsogolo.

Zimenezi zikakanika, ndiye ndikukuitanani inuyo ku ukwati. Mubwere ndi yunifomu yanu yathunthu, poti ndamva kuti inu muli nayo. Inu si mpongozi wathu, choncho mwambo sukuletsani kugwira bedi. Mudzanyamula mbali inayo polowa m'tchalitchi, ndipo mudzaima pakati pa chitsulocho ndi amayi anga mpaka nyimbo yomaliza. Anthu amene anakuonanipo akuti thupi lanu likwanira kuchibisa chonse, ndi nkhunda zomwe.

Patsala kanthu kamodzi kamene ndachita nako manyazi kwambiri, ndipo ndakafufuta kawiri ndisanakasiye. A Sajeni akuti lamulo loti unyolo usachoke pamaso pa wapolisi silipuma, ngakhale pa tsiku la ukwati, ngakhale alendo atabalalika. Alangizi akuti a Spencer ndi mnyamata wosakwatira, sangaloledwe. Ndiye ngati kiyi sapezeka, Bwana, mudzabwere ndi mpando wanu. Lamulolo munalemba ndinu, ndipo ndi bwino mudzaone nokha mmene likugwirira ntchito.

Ine wanu wogwada, amene akali mbeta chifukwa cha thalauza,

Nelia Chimwaza.