Envulopu Ziwiri, Nkhuku Zisanu

Lolemba

Amalume akusamukira kwa mwana wawo ku Lilongwe, miyendo yawakana. Ali ndi minda ingapo ya mpunga ku Lifuwu. Iwiri akutisiyira ine ndi mlongo wanga Esinati, koma sakunena kuti ndi iti. Akungoti wina ndi waukulu kawiri kuposa unzake. Alemba pa timapepala, amata mu envulopu ziwiri zofanana, aliyense amupatsa yake m'manja.

"Mudzatsegule Lamulungu pamaso panga. Yomwe idzakhale m'manja mwako tsikulo ndi yako."

Ndili ndi ana asanu ndi malipiro a uphunzitsi. Ndikufuna waukuluwo, sindikubisa.

Lachiwiri

Tchuthi ndi choipa, munthu umaganiza kwambiri. Ndakhala pansi pa mango ndi kope. Tinene kuti mwanga muli ekala imodzi. Ndiye kuti mwa Esinati muli:
- maekala awiri, kapena
- theka la ekala.

Mwayi ndi wofanana. Ndikasintha, ndikhoza kupeza ekala yathunthu kapena kutaya theka lokha. Kuphatikiza, kugawa pawiri: kusinthako kukundipindulira kota ya ekala. Kota! Si pachabe ndimaphunzitsa masamu.

Ndamuimbira foni. "Kusintha n'kotheka, achimwene, koma mubwere ndi nkhuku."

Nkhuku imodzi pa kota ya ekala. Ndamumvera chisoni mwanayu, sukulu anasiyira panjira. Minibasi mpaka ku Khombedza komwe Esinati amagulitsa usipa, nkhuku pamiyendo. Tasintha.

Lachitatu

Ndikumwa tiyi, envulopu yatsopano ili patebulo. Ndikuiyang'ana. Tinene kuti muli ekala imodzi. Ndiye kuti mu ina ija muli awiri kapena theka. Aa. Masamu omwe aja, yankho lomwe lija: sintha.

Mayi a ana akufunsa: "Si dzulo mumati imeneyi ndiyo yabwino?"

Ndawafotokozera kuti inali yabwino isanakhale yanga. Angonyamula ndowa n'kumapita kumjigo.

Nkhuku yachiwiri, yamawangamawanga ija. Tasintha.

Lachinayi

Kondakitala wayamba kundisungira mpando wakutsogolo. Akunditchula "abwana a nkhuku".

Mmene zinthu zilili:
- m'kope: munda wanga wakula ndi makota atatu
- m'khola: zatsala ziwiri
- pa thalauza: zomwe yasiya yachitatu tikudutsa mabampu

Esinati sakangana n'komwe. Amangolandira nkhuku, kuipima m'manja, kutulutsa envulopu pansi pa lichero. Imene ndabwera nayo ikununkha usipa.

Lachisanu

Mayi a ana abisa thadzi lofungatira mazira m'bafa. Ndalipeza. Ndikuchita manyazi, koma mazira asanu ndi awiri ndi chiyani pa kota ya ekala?

Pobwerera m'minibasi chinthu chandigwira m'mutu. Masamu angawa amagwiranso kwa Esinati. Nayenso akasintha akupindula kota. Tonse awiri, tsiku lililonse, pa minda iwiri yomweyo. Nanga malo owonjezerawa akuchokera kuti, m'nyanja? Ndawerengera kumbuyo kwa risiti mpaka kupitirira siteji yanga. Cholakwika sindikuchiona. Mutu ukuwawa.

Panyumba nsima yanga ili patebulo, ndiwo ndi mchere.

Loweruka

Tambala. Womaliza. Walira njira yonse ngati akudziwa.

Kusintha kwachisanu. Ndalumbira kuti basi. Ndafika pasiteji, ndaigwira envulopu m'thumba, ndipo zayambiranso: tinene kuti muli ekala imodzi...

Ndabwerera ndikuthamanga, munthu wamkulu ndithu, anthu akundiona. Nkhuku kulibe, ndamulonjeza nsapato zanga za kutchalitchi, kenako njinga.

"Msika watha, achimwene." Envulopu yake waikulunga pa mfundo ya chitenje, wamanga kawiri.

Lamulungu

Kwa amalume, titaweruka kutchalitchi. Tatsegula.
- Esinati: ekala yathunthu, pafupi ndi ngalande yaikulu
- ine: theka, kumapeto komwe madzi amafika atatopa

Amalume atembenukira kwa ine. "Iwe, waukuluwo ndinakupatsa ndekha m'manja Lolemba. Ndinaganizira ana asanu aja."

Ndapinda kapepala kanga n'kukaika m'thumba.

Esinati akuti yake ija anaiunika padzuwa tsiku loyamba lomwelo, envulopu zake n'zopyapyala. Ndamufunsa chifukwa chomwe ankandibwezera yaikuluyo, kawiri konse.

"Ndimakudziwani, achimwene. Ndinkadziwa kuti mawa mubweranso."

Chakudya chotsanzikana ndi amalume waphika ndi iyeyo: mpunga ndi nkhuku. Mwendo ndauzindikira. Mayi a ana andipatsira khosi.

Madzulo ndabwerezanso masamu aja katatu. Akadali olondola.

Mawa kuwokera mpunga pa theka langa, kuyambira m'bandakucha. Sindikudziwa kuti andidzutsa ndani.