Galu Wachipewa Wakana Kudzuka

Lolemba

Atitsekeranso m'nyumba chifukwa cha mliri. Atseke! Ine ntchito ndili nayo. Ndinabwera kuno ku Balga, kutsidya kwa nyanja, kudzaona mwana wanga Esinati, nesi, ndege n'kuleka kuuluka. Mdzukulu wanga Tadala Chichewa amamva bwinobwino, koma kuyankha ayi. Ndikati "Padangokhala," m'malo moti "Tili tonse," iye amati "Oke, Agogo." Oke! Ine amene ndinkachezetsa anthu usiku wonse pa maliro ndi pakamwa pokha!

Loweruka ayankha. Zida ndinagula kale pa kaunjika wa ku Mirrabooka: tizidole tamatabwa toima pa kachitsa. Ukadina pansi pake, thapsa! Ukasiya, dzambatu! Mayi wogulitsa akuti n'ta pa TV ya kalekale, ana ake akali aang'ono. M'kati muli sipuling'i ndi ulusi basi.

Anthu anga:
galu wachipewa, ndiye malemu;
bakha wa tayi, mkulu wa mpingo;
kavalo wamawanga, mkazi wamasiye.

Nthano yake: mkuluyo akanena bodza poyamikira malemu, malemu akudzuka kudzatsutsa.

Lachiwiri

Tadala wasuzumira. Akuti galuyo ali ndi dzina lake, ndipo pa TV samwalira. Kwathu galu aliyense amamwalira, mwana iwe.

Esinati wabwera kuchokera kuchipatala, maso pa tebulo. "Bambo, zakaunjikazi mwazipukuta?" Ndisanatsegule pakamwa, sanitaiza fwaa! Utoto wasungunuka. Galu alibenso maso, tayi ya bakha yatsikira pamimba. Zilibe kanthu. Maliro safuna maso.

Lachitatu

Ndabisa onse mu sokosi, sokosi pansi pa pilo. Ndani amasechedwa pilo ali ndi imvi? Esinati wasankha lero lomwe kuchapa zogonera. Madzi otentha, makina akuzungulira, ine ndikumva gobede gobede. Ndimayesa ndi makobidi.

Atuluka oyera ngati akukabatizidwa. Ulusi wa bakha walefuka, wagwa osadzukanso. Kavalo wapendekera kumanzere ngati wachokera ku kachasu. "Pepani bambo, koma tsopano alibe kachilombo." Inde mayi, alibenso moyo.

Sindigonja. Ndinakonzapo njinga ndi luzi ine.

Lachinayi

Opaleshoni. Zofunika: ulusi wosokera, singano, magalasi a Esinati, kachitsulo kozulira nsidze. Kavalo ndamukoka ulusi mwamphamvu. Waima njii! Ndikudina, sakugwa. Ndikudina ndi zala zonse, ayi ndithu. Wamasiye wotani wosagwa pa maliro a mwamuna wake? Anthu amunena!

Bakha ndamusiya chigonere. Ndisintha nthano: mkulu wa mpingo wakomoka ndi bodza lake lomwe. Zimachitika.

Galu yekha akugwira ntchito, thapsa, dzambatu. Tadala waima pakhomo, akuseka. Wapempha kudina. Ndamulola kamodzi. Wadina mpaka nthawi ya chakudya.

Lachisanu

Tsoka! Ndikuyeserera pakhonde, ndafika poti mkuluyo akuti malemu sankamwa mowa, galu n'kudzuka mwaukali wonse. Kachitsa kang'aluka, sipuling'i phaa, kudumpha mpanda. Mutu uko, chipewa uko, miyendo yatsala m'manja mwanga ngati mikanda.

Ndavala masiki, ndaitana mzungu wa kuseri kwa mpanda. Chingerezi changa ndi manja: ndazungulitsa chala m'mwamba, ndadumpha pang'ono. Wandiyang'ana nthawi yaitali. Wapita, wabwera, wandiponyera mpukutu wa tishu.

Shopu ya kaunjika njotseka. Esinati akuti ndikatuluka geti apolisi andifunsa chifukwa, "ndiye mukawauza kuti mukukagula galu wakufa?" Ndingawauze, bwanji! Koma nsapato zanga wazibisa.

Loweruka

Tsiku lafika. Tadala pa sofa, amake pambali ndi tiyi. Pa tebulo kavalo wosagwa ndi bakha wosadzuka.

"Padangokhala!" Esinati yekha ndiye wayankha, mwachisoni.

Malemu palibe, ndiye ndagona ine mwini pa kapeti, chipewa cha galu pamphumi. Ndalankhula mawu a mkulu wa mpingo ndili chagada. Bodza lafika, nthawi yodzuka. Msana wakana. Ndayesanso, mawondo akuti sitikukudziwani.

Ndikumva timapazi. Tadala wagwada, wandidina kuphazi ndi chala chachikulu monga amachitira ndi galu uja. Wadinanso. Kenako, m'Chichewa choyera: "Agogo, dzukani! Dzukani, Agogo!"

Wondidzutsa ndi Esinati, mwa ukatswiri wa kuchipatala.

Lamulungu

Ndagona, botolo la madzi otentha kumsana. Mapemphero ndamvera pa foni. Nthano sinathe, "Tili tonse" wa Tadala sanabwere, ndipo ndaona kuti sabwera. Zidole zili m'bokosi la nsapato, Esinati walipopera kale mankhwala.

Tadala walowa kangapo kudzandidina kuphazi. "Dzukani." Ndikudzutsa mutu. "Gonani." Ndikugona. Wapeza mawu achiwiri yekha.

Chabwino. Pa zidole zonse za m'nyumba muno, chotsala chogwira ntchito ndine. Bola asandiike m'makina.