Kukaona Njovu ku Lifupa

Lolemba

Mwezi wachitatu uno ndili ku Kasungu, ndipo chimene ndaona ndi fodya yekhayekha. Kum'mawa fodya, kumadzulo fodya, pakati phiri limodzi loima lokha ngati anzake analithawa. Kampani inandituma kuchokera kwathu ku Lusaka kudzayeza dothi m'minda ya alimi, ndiye tsiku lonse maso ali pansi.

Ponyamuka ndinalonjeza mwana wanga Taonga chithunzi cha ine ndi njovu. Dzulo pa foni wandikumbutsa. Chibadwire sindinaonepo njovu. Ndinakulira mu Matero, komwe chilombo chachikulu ndi galu wa aneba.

Loweruka tikupita ku Lifupa, m'nkhalango. Opita: ine, a Chirwa anzanga a ku ofesi, alongo awo amene ndi aphunzitsi, dalaivala ndi galimoto ya kuntchito. Zotenga: madzi, zitumbuwa, foni yodzaza moto. Mtima ukugunda pang'ono, koma ndi chimwemwe. Ndikuganiza kuti ndi chimwemwe.

Lachiwiri

Ndalakwitsa kuuza anthu. Aliyense pano ali ndi msuweni wake amene anapondedwa.

ANaphiri, eni nyumba imene ndikukhala: "Ikatambasula makutu, musathawe. Imani njii."
A Chirwa: "Yayi dada, thawani, koma mokhotakhota."
Mayi wogulitsa tomato pamsika: "Vulani malaya muyiponyere, idzatanganidwa nawo."

Ndiye ndiime, ndithawe, kapena ndivule?

Aphunzitsi aja asintha maganizo. Akuti Loweruka kuli kwaya ku tchalitchi. A Chirwa akundinong'oneza kuti alongo awo sanayimbepo kwaya.

Lachitatu

Ku Wimbe kukatenga dothi. Anthu akuthyola fodya, manja onse bii ndi utomoni. Ndikapereka moni m'Chinyanja cha kwathu akuseka, kenako akundipatsa mpando ndi chimanga chootcha. Dzina langa linawakanika. Ndine "a Zambia" basi.

Ndawerama m'mzere, ndikukumba. Kumbuyo kwanga chinthu chapuma mwamphamvu, fuu, mpweya wotentha pakhosi. Ndataya khasu ndi thumba, ndadumpha mizere ya fodya osacheuka. Ng'ombe ya pangolo. Mwini munda sanaseke, wangofunsa mwaulemu ngati kwathu ng'ombe zimaluma.

Madzulo uthenga wa abwana: Loweruka galimoto ikupita ku Simlemba ndi mbewu. Ndadabwa kuti ndamva kupepuka m'chifuwa.

Lachinayi

A Chirwa akuti popeza galimoto ikupita kwawo ku Simlemba, akwera nawo akaone amayi awo. Ndatsala ndekha. Pondilimbikitsa akuti nkhalangoyi imakafika m'malire a Zambia. "Njovu zina ndi zakwanu zomwe, dada. Mukazilonjere m'chiyankhulo chanucho, zidzakumvani."

Ndikanangosiya. Koma Taonga wauza kale kalasi yonse, ndipo aphunzitsi ake akuti chithunzicho adzachimata pakhoma.

Magetsi athima chakumasana, sanabwerebe. Ndikudya usipa wozizira ndi kuganiza za minyanga.

Lachisanu

Ndapeza wa kabaza wa njinga yamoto, a Yohane, bambo wofatsa wovala jekete ziwiri. Akuti adzandisiya pa geti, kumeneko ndikapemphe malo m'galimoto ya alendo ena. M'kati iwo salowa. "Ndili ndi ana, bwana." Inenso ndili naye!

Ndaganiza zoyeserera kukwera mtengo, mwina zidzafunika. Mango wa kuseri kwa nyumba. Kukwera ndakwera, kutsika kwakanika. ANaphiri abwereka makwerero kwa aneba, akundigwirira, ndipo ndili pakati akuti: "Komatu njovu imazula mtengo ngati uwu."

Ndaimbira mayi a Taonga. Ndawauza kuti ndimawakonda, ndi kuti mwana adzaphunzire mpaka kumapeto. Akufunsa ngati ndayezetsa malungo.

Loweruka



Mvula yatipeza panjira. Msewu wasanduka phala, njinga yafera pa kamudzi kena kufupi ndi mpanda wa nkhalango. Geti sitinalione. A Yohane akulimbana ndi injini, ine ndaitanidwa kukabisala m'chigafa, chisakasa choyanikamo fodya. Eni ake ndi aNabanda, mayi wamasiye, akusoka masamba ndi apongozi awo. Andiyalira thumba, akundifunsa za ku Lusaka. Mvula yakata, kunja kwayera.

Kenako kumunda kwamveka zitini. Agalu. Mawu a munthu: "Zatuluka!"

Onse adzuka. Ndimayesa tikuthawa, koma iwo akuthamangira komweko, wina ndi chidebe, wina ndi chivundikiro cha poto. ANabanda patsogolo, chitenje atakwinyira m'chiuno. A Yohane nawonso, sipanala kumanja.

Ine ndakwawira pansi pa fodya wopachikidwa, ndagona chafufumimba. Chigafa chilibe khoma ngakhale limodzi, ndazindikira nditagona kale.

Zimene ndamva: mapesi a chimanga kuthyoka, phwa, phwa, mosafulumira. Kugunda kwa m'mimba mwa chinthu chachikulu, ngati bingu la kutali koma lili pompano. Fungo la khola lonyowa. Udzu wa denga ukusololedwa. Foni ili m'dzanja langa, chala pa batani. Maso ndatseka. Ndayesa kutsegula limodzi, lakana. Ndapemphera m'Chinyanja, m'Chingerezi, ndi Chibemba chochepa chimene ndimadziwa.

Asilikali a nkhalango afika ndi galimoto, awombera m'mwamba, njovu zabwerera. A Yohane andisolola pondigwira mwendo.

Palibe wavulala. Koma munda wa chimanga wa aNabanda, theka lagona pansi. Aima m'mphepete, chidebe chikadali m'manja. Tawathandiza kutola zimene zatsala. Patapita nthawi akuti kwa ine: "Yaikazi ija inalowetsa chitamba m'chigafa. Inakununkhizani kumsana, a Zambia. Simunayimve?"

Ndakhala pansi m'matope momwemo.

Lamulungu

Sindinapite ku tchalitchi. Malaya adzaza utomoni wa fodya. ANaphiri awanyika m'beseni ndipo sakundifunsa kanthu, nkhani yafika kale pamsika.

Pakhonde pali kathumba ka chimanga chachiwisi. ANabanda anandikakamiza dzulo ponyamuka. Ndinakana, ndinati chatsala chochepa. Iwo anati: "Tengani. Zikabweranso zidzadya chomwechi." Ine ndinapita kukaona njovu Loweruka limodzi lokha. Iwo lero ali kumunda komweko ndi chidebe chawo.

M'foni muli zithunzi zambiri, zonse zakuda, chimodzi chikuonetsa chigongono changa.

Taonga waimba masana.

"Adadi, mwayiona?"

"Inabwera pafupi kwambiri, mwanawe."

"Inali yaikulu?"

"Akuti inali yaikulu."